Mitambo ikutseka maso ma setilaiti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ma setilaiti oona moto wolusa ali kumwamba. Zoona amathandiza, zida zake za MODIS ndi VIIRS zomwe bungwe la ku America loona zakuthambo la NASA limagwiritsa ntchito pa mapu a FIRMS, mapu a pa intaneti oonetsa moto ndi timadontho tofiira, zimamva kutentha, VIIRS imayeza timadera ta mamita 375, koma mitambo ikangokuta basi zathera pomwepo, moto uli lawilawi pansi koma mapu ali mbee ngati kulibe kanthu. Utsi wopepuka zimapyola, mtambo wokhuthala ayi ndithu. Komanso zimangodutsa kangapo patsiku. Radar (chida choona pansi ndi mafunde a wailesi) ya setilaiti ya ku Ulaya ya Sentinel-1 imaboola mitambo inde, koma imaonetsa lupsa osati malawi. Ndiye chonde atolankhani musamathamangire kulemba kuti moto wazima poti pamapu palibe kadontho kofiira.

Wowerenga wanu