Usanakwere sitima ija

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti mwezi wamawa ukukwera sitima yapanyanja ya kafukufuku, ndipo amayi ako sakuleka kuuza aliyense kutchalitchi. Koma wandiuzanso china chimene chandisowetsa tulo. Akuti mnzako amene mumakhala naye uja wakuuza kuti yankho likudziwika kale, kuti asidi akachuluka m'nyanja yamchere Trichodesmium, tizamoyo ting'onoting'ono timene timakoka mpweya wa nayitrojeni n'kuusandutsa chakudya, timangokondwa, ndiye palibe chifukwa chotaya masabata ukutsuka mabotolo. Akuti iwe unavomera. Zoona, iwe?

Mnzakoyo anaima pa 2007. Chaka chimenecho David Hutchins ndi anzake, komanso magulu ena, anapezadi kuti akawonjezera mpweya wa carbon dioxide, tizamoyo timeneti timakoka nayitrojeni wambiri. Koma mu 2012 Dalin Shi ndi François Morel anaonetsa kuti pamene ayironi ndi wochepa, zinthu zimatembenuka. Mu 2017 gulu la ku Xiamen, ku China, linanena kuti chisangalalo china chakale chija chiyenera kuti chinachokera ku litsiro la amoniya ndi mkuwa (kopa) m'madzi olereramo. Poizoni wa ziwirizi amachepa mphamvu madzi akakhala ndi asidi, ndiye tizamoyo tinkaoneka ngati tikukula bwino pamene tinkangopumako ku poizoni. Hutchins anatsutsa, ndipo mkanganowo sunathe. Akuluakulu a ntchitoyi akulimbanabe, koma mnyamata wa pachipinda chako wagamula kale mlandu!

Kumbukira kuti pali zinthu ziwiri zoyendera limodzi koma zokokerana kosiyana. Carbon dioxide wakwera kuchoka pa 280 ppm kupitirira 420, ndipo pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) ya pamwamba pa nyanja yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Mpweya wochulukawo umathandiza, chifukwa selo silivutikanso kwambiri kuunjika kaboni. Asidiyo ndiye amapweteka. Akalowerera m'kati mwa selo, nitrogenase, chida cha selo chokokera nayitrojeni, imagwira ntchito mofooka, mphamvu yambiri imathawira ku hydrogen, ndipo selo limatayanso mphamvu potulutsa asidiyo. Ukudziwa kuti kukoka molekyu imodzi ya nayitrojeni (N2) kumadya ATP 16, ndipo ATP ndiye mphamvu ya selo. Kuti libweze zotayikazo selo limapanga nitrogenase yambiri, ndipo nitrogenase ndi chidyamayironi. Kumpoto kwa Atlantic, kumene fumbi la Sahara limagwera, likhoza kupirira. Kumadera ambiri a Pacific ayironi ndi wosowa. Ndiye ukalola kadontho ka ayironi wakunja kulowa m'botolo lako, wayeza nyanja ina, osati imene wapitira.

Tsuka mabotolo, mwana wanga. Uli wamng'ono unkatsuka mbale m'kati mokha, kunsi kuli phala louma, n'kuzivundikira mwaluso pathandala. Tinkaseka. Pano sindikuseka.

Gwiritsa ntchito mabotolo a polycarbonate, osati agalasi, pa chilichonse chokhudza ayironi. Uwaviike mu asidi wa HCl wa 10 peresenti kwa masiku angapo, uwatsukuluze mobwerezabwereza ndi madzi oyeretsedwa kotheratu, kenako katatu ndi madzi a m'nyanja omwewo usanadzaze. Sitima yonse ndi chitsulo ndi dzimbiri, choncho botolo lisatsegulidwe pabwalo. Madzi olereramo, kaya ndi YBCII, uwayeze amoniya usanaikemo kanthu, chifukwa mchere wogula umabwera ndi zake. Masefa a GF/F uwatenthe pa 450°C kwa maola 4.

Ndamvanso kuti mnzakoyo akufuna kungothira asidi m'madzi kuti pH itsike msanga. Ayi. Asidi wothira amatsitsa alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi), pamene m'nyanja yeniyeni alkalinity imakhala pomwepo, chimene chimakwera ndi kaboni wosungunuka. Lowetsa mpweya wosakaniza ndi carbon dioxide, pang'onopang'ono, makamaka tizamoyo tisanalowe, poti thovu lamphamvu limaphwanya timitolo ta Trichodesmium. Pa zinthu zinayi izi, pH, alkalinity, DIC (kaboni wosungunuka) ndi pCO2 (muyeso wa mpweya wa carbon dioxide m'madzi), yeza ziwiri, zinazo uwerengere ndi pulogalamu ya pakompyuta ya CO2SYS, ndipo makina ako uwayese ndi madzi ovomerezeka a ku labu ya Andrew Dickson ku Scripps, ku America. Usalole tizamoyo tichulukane m'botolo. Tikachuluka timadya kaboni, pH imakwera yokha, ndipo botolo lolembedwa kuti la asidi limasanduka wamba iwe osadziwa.

Kodi ukudya mokwanira? Pachithunzi chija masaya alowa. Ndalama ya jekete ndinatumiza ija ugulire jekete, isathere kumalo amene mnzakoyo amakutengera Lachisanu. Sindikunena kuti ndi woipa mtima. Ndi wachangu, ndipo iwe sudziwa kukana munthu.

Za 15N2, mpweya wa nayitrojeni wolemera (15N) umene umauika m'botolo ngati chizindikiro poyeza nayitrojeni amene tizamoyo takoka, ndiye zimandiopsa kwambiri. Ukangobaya kathovu ka mpweyawo m'botolo, kamachedwa kusungunuka, ndipo chiwerengero chimatuluka chochepa. Zimenezi zinaonetsedwa mu 2010. Uyambe wausungunula m'madzi ochotsedwa mpweya, ndipo uyeze kuchuluka kwake m'botolo lililonse. Mu 2014 kunapezekanso kuti mpweya wina wogulitsidwa unali ndi amoniya ndi nitrate za 15N. Ndere wamba zimameza zimenezo, iwe n'kulemba kuti wapeza kukoka nayitrojeni pamene palibe. Yesa silinda yako musananyamuke padoko, chifukwa pakati pa nyanja sukagula ina. Ukagwiritsa njira ina yoyezera, ya mpweya wa acetylene, lemba poyera ngati wagawa ndi 3 kapena 4 posandutsa chiwerengerocho kukhala cha nayitrojeni.

Nthawinso uisamale. Trichodesmium amagwira ntchitoyi masana, mtundu wina wotchedwa Crocosphaera usiku, ndiye botolo likhale maola 24 athunthu, osati mpaka pamene tulo takupeza. Ndipo zimene wapeza pa Trichodesmium wa m'labu wotchedwa IMS101 usazikakamize pa mitundu ina yokoka nayitrojeni monga UCYN-A. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku atatu sakwana kuti tizamoyo tizolowere madzi atsopano.

Dzina limene lidzakhale pa pepalalo ndi lako, ndi langanso. Mnzakoyo muuze kuti bambo ako ndi wovuta, ndilolera. Amayi ako akazinga mtedza, akufunsa ngati kumeneko amalola kulowa nawo. Undiimbire Lamlungu madzulo, ndipo undiuze tsiku limene mabotolo analowa mu asidi.

Ndine,
Bambo ako