Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: za nyukiliya ndi makosi a ana athu

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulonjereni kaye bwana. Ine ndine mayi wa ku Mufakose konkuno ku Harare, makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu koma ife tinabadwira kuno, ana anga kwawo nkuno basi. Ndalemba m'Chichewa poti nacho chili m'gulu la zilankhulo 16 zomwe malamulo a dziko lino amavomereza, komanso ndikufuna azimayi anzanga a ku Mbare ndi ku Dzivarasekwa awerenge nawo.

Tinamva kuti mu 2023 boma lathu linasainirana ndi Russia pa nkhani ya mphamvu za nyukiliya. Magetsi tikuwafuna, zimenezo palibe angatsutse, ine ndimadzuka 2 koloko usiku kusita mayunifomu a ana poti ndi nthawi yomwe abwerera. Koma nkhaniyi tikungoimva kwa a zamagetsi, pomwe mbali yomwe ikundisowetsa tulo ine ndi ya unduna wanu.

Pa 26 April 1986 riyakitala ya nambala 4, chimakina chopangira magetsi a nyukiliya, inaphulika ku Chernobyl, ku Ukraine. Mu utsi womwe unatuluka munali ayodini wa poizoni wotchedwa iodine-131, anagwera pa msipu, ng'ombe nkudya, nkulowa mu mkaka, azimayi nkumamwetsa ana awo m'mawa uliwonse osadziwa kanthu poti palibe anawauza msanga kuti siyani. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja, sikasiyanitsa ayodini wabwino ndi woipa, kamangokoka, ndiye ka mwana nkakang'ono komanso kakukula, kamapsa kwambiri kuposa ka munthu wamkulu. Patangopita zaka zinayi kapena zisanu madokotala a ku Belarus makamaka dera la Gomel anayamba kuona khansa ya chithokomiro mwa ana, matenda omwe kale ankangowaona mwa apo ndi apo. Pofika 2005 anthu oposa 6,000 omwe anali ana kapena achinyamata nthawi ya ngoziyo anali atapezeka nayo ku Belarus, Ukraine ndi Russia.

Chomwe chimandipweteka nchoti poizoni ameneyu sakhalitsa, pa masiku 8 aliwonse mphamvu yake imatsika ndi theka. Kungoletsa mkaka kwa masabata angapo ana ambiri akanapulumuka. Dziko la Poland linachita changu, linamwetsa ana oposa 10 miliyoni madzi a ayodini wabwino kuti chithokomiro chikhute, woipayo asowe polowa. Ku Fukushima mu 2011 a ku Japan nawo analetsa mkaka msanga.

Ena amati khansa imeneyi siipha kwambiri, ndi zoona, pofika 2005 omwe anamwalira mwa anawo anali 15. Koma ine ndimadziwa moyo wa munthu wopanda chithokomiro. Mayi anga anali ndi chotupa pakhosi chachikulu ngati bango (sichinali khansa), zaka zambiri ankachibisa ndi mpango ngakhale kutenthe bwanji mu October, kutchalitchi kwaya anasiya. Atawachita opaleshoni kunatsala chipsera chopingasa pansi pa khosi, ndi kapilisi ka thyroxine, kogwira ntchito m'malo mwa chithokomiro, m'mawa uliwonse asanadye mpaka tsiku lomwe adzatisiye. Mwezi wina kuchipatala kulibe, timasonkherana madola kukagula ku famase, akangodumpha masiku angapo amazizidwa, nkhope kutupa, kuyankhula ngati munthu wotopa. Amenewo ndi agogo. Nanga mwana wa zaka 9 ayambe moyo umenewu?

Ndipo za mayi angazi zikugwirizana ndi nkhaniyi, chifukwa madera ambiri ozungulira Chernobyl anthu ankasowa kale ayodini m'zakudya, ndiye zithokomiro za ana zinali ndi njala, zinakoka poizoni wambiri. Ifenso kuno vuto la zotupa pakhosi timalidziwa, nchifukwa chake mchere umayenera kuthiridwa ayodini. Koma pitani pamsika muone mchere wa m'timapepala topanda chizindikiro womwe ambirife timagula poti ndi wotchipa, kodi umayezedwa?

Pempho langa a Nduna, asanakumbe ndi maziko omwe a malo opangira magetsi a nyukiliya, khalani pansi ndi a Radiation Protection Authority of Zimbabwe, bungwe loteteza anthu ku poizoni wa nyukiliya, mutiuze poyera: mapilisi a ayodini adzasungidwa kuti, ndipo adzafika bwanji kwa mwana wa kumudzi m'maola ochepa, poti akachedwa ndi tsiku limodzi ntchito yake yatha kale. Ndani adzakhale ndi mphamvu yolengeza pa wailesi kuti mkaka usamwedwe osadikira chilolezo cha wina aliyense, ndipo wogulitsa mkaka wa m'zigubu m'mbali mwa msewu adzamva bwanji. Uthengawo udzatuluke m'zilankhulo zonse, Chichewa chomwe, agogo athu ambiri Chingerezi cha m'mapepala a boma sachimva.

Tidikira yankho lanu pa wailesi kapena mu nyuzipepala, ine ndidzaliwerengera azimayi a mvano kutchalitchi kwathu.

Ine wanu,
Mayi wa ana atatu, Mufakose