Masamba a mchezo opanda mwini mmodzi akulephera kusunga alendo

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za masamba a mchezo a pa intaneti amene sali m'manja mwa kampani imodzi, monga Mastodon imene Eugen Rochko adayambitsa mu 2016. Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022, anthu adakhamukira ku Mastodon, koma patangotha miyezi yochepa ambiri adasiya kulowako.

Vuto loyamba lili pakhomo penipeni. Pa nthawiyo mlendo ankauzidwa kuti asankhe seva asanadziwe n'komwe kuti seva n'chiyani (ndi kompyuta imene imasunga akaunti yake n'kumalumikizana ndi maseva ena), ndipo akalowa amapeza kuli zii, popeza palibe makina omusankhira zoti aone mpaka atapeza yekha anthu owatsatira. Akatswiri a makompyuta zimenezi siziwavuta, n'chifukwa chake ndiwo achuluka, koma namwino kapena mphunzitsi amene akungofuna kucheza m'chinenero chake amabwerera. Bluesky, imene ndi tsamba lina la mchezo, idachita bwino mu 2024 pololeza anthu kukonza mndandanda wa maakaunti woti watsopano awatsatire onse nthawi imodzi.

Koma chachikulu, m'kuona kwanga, ndi chitetezo. Maseva ambiri amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka osalandira kanthu, ndipo woyang'anira amene samva chinenero cha wodandaula sangazindikire chipongwe ngakhale chili pamaso pake. Munthu wonyozedwa chifukwa cha khungu lake, chipembedzo kapena ulumali sadandaula kawiri, amangochoka mwakachetechete. Choncho ndikupempha eni maseva kuti asanaitane anthu atsopano ayambe apeza oyang'anira olankhula zinenero za anthuwo, ndiponso adule ubale ndi maseva amene amalekerera ozunza anzawo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu