Lipoti la msonkhano wa olima maluwa: Adenium ndi mkungudza pakhomo

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa magulu olima maluwa ndi mitengo yokongoletsa pakhomo kuti ndikamve uphungu pa nkhani imene takhala tikusiyana maganizo, yoti pa nazale yathu tilimbikire chomera chiti pakati pa chitsamba cha Adenium obesum, chimene ambiri amachitchula kuti desert rose, ndi mkungudza wa mtundu wa Cupressus lusitanica. Zimene ndinamva zandikhutiritsa kuti zomera ziwirizi sizilimbirana malo, popeza pamene chimodzi chimakondwa ndi pamene chinzake chimavutika. Choncho tisanapatse membala mbande, tiyenera kudziwa kaye malo amene ali nawo, dothi lake ndiponso madzi amene angakwanitse kuthirira.

Nthawi yambiri inathera pa Adenium. Kwawo kwa chomerachi ndi kumadera ouma a Sahel (kumwera kwa chipululu cha Sahara), kum'mawa kwa Africa ndi kumwera kwa Arabia, ndipo dzina lake linachokera ku Aden, ku Yemen. Chimakula pang'onopang'ono, ndipo chikakhala pansi chimatha kufika mita 1 mpaka mamita 3, koma mumphika chimakhala chachifupi kwa zaka zambiri. Tsinde lake lonenepa lija, limene anthu ambiri amachikondera, ndi nkhokwe ya madzi imene imachisunga chamoyo m'miyezi ya chilala. Pa chifukwa chomwecho, imfa yake kawirikawiri imachokera ku madzi ochuluka: mizu ikakhala m'dothi lonyowa kwa masiku angapo imawola, kuwolako kumakwera mkati mwa tsinde, ndipo mwini wake amazindikira tsindelo litafewa kale. Mlangizi amene anatsogolera gawoli anatsindika kuti dothi likhale losakaniza ndi mchenga wokhakhala kapena timiyala, mphika ukhale wobowoka pansi, ndipo kuthirira kudikire mpaka dothi litauma. Chitsambachi chimafuna dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku kuti chichite maluwa bwino, ndipo sichipirira kuzizira kotsika kuposa madigiri 10. Kukazizira chimayoyola masamba n'kupuma, ndipo pa nthawi imeneyi ambiri amaganiza kuti chafota ndi ludzu, amachithirira kwambiri, n'kuchipha.

Pa kachulukitsidwe kake pali mfundo imene ikukhudza nazale yathu mwachindunji. Mbande yochokera ku njere ndi imene imapanga tsinde lalikulu lokongola, koma mtundu wa maluwa ake sudziwikiratu. Nthambi yodula imabereka maluwa ofanana ndendende ndi a kholo lake, koma tsinde lake limachedwa kunenepa ndipo nthawi zambiri silifika pa maonekedwe amene ogula amafuna. Alimi a ku Thailand ndi ku Taiwan, amene atulutsa mitundu yambiri ya maluwa a Adenium, amathetsa vutoli pomezanitsa nthambi ya mtundu wosankhidwa pa tsinde lomera ku njere. Ine ndikuona kuti luso limeneli tingathe kuliphunzira, chifukwa silisiyana kwenikweni ndi kumezanitsa mitengo ya zipatso kumene ena mwa ife amakudziwa kale. Njere zake zimakhala m'zikhokhombe ziwiri zazitali zomera pamodzi, ndipo njere iliyonse ili ndi ubweya mbali zonse ziwiri, motero chikhokhombe chikang'ambika zimauluka ndi mphepo. Wofuna kuzisunga amamanga chikhokhombecho chisanang'ambike, ndipo amafesa msanga chifukwa njerezo zikakhalitsa sizimera bwino.

Pali chenjezo limene ndikupempha kuti tisalitenge mopepuka. Adenium ndi wa banja la zomera lotchedwa Apocynaceae, limodzi ndi chitsamba china cha maluwa chotchedwa oleander, ndipo utomoni wake uli ndi poizoni amene amasokoneza kagundidwe ka mtima, moti alenje a m'madera ena a Africa ankaupaka kumivi. Wodulira avale magolovesi, asakhudze m'maso, ndipo nthambi zodulidwa zisatayidwe pamene ana kapena ziweto zimafika. Sichingakhale chilungamo kupereka chomerachi kwa banja la ana aang'ono popanda kulifotokozera zimenezi.

Mkungudza ndi wosiyana m'zonse. Ngakhale dzina lake loti lusitanica limatanthauza Portugal, kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Mexico ndi Central America, ndipo katswiri wa zomera wa ku Britain, Philip Miller, anaupatsa dzinalo mu 1768 chifukwa mtengowu unali utadzalidwa kale ku Portugal kwa nthawi yaitali. Ndi mtengo wa m'malo okwera ndi ozizirirako, umene umakula bwino kumene mvula imaposa mamilimita 1,000 pa chaka, m'dothi lakuya losunga chinyezi koma losadikha madzi. Ubwino wake ndi woonekeratu: umakhala wobiriwira chaka chonse, umakula msanga, umatchinga mphepo ndi fumbi, umabisa bwalo kwa odutsa, ndipo ukakhwima umapereka matabwa abwino. Koma ukasiyidwa umatha kupitirira mamita 30, ndipo pamenepa ndi pamene ambiri odzala pakhomo amakhumudwa. Mbande yaing'ono yodzalidwa pafupi ndi khoma, patapita zaka, imadetsa nyumba, imafika pa mawaya a magetsi, ndipo pansi pake sipameranso kanthu chifukwa cha mthunzi ndi mizu imene imamwa chinyezi chonse.

Wofuna mpanda wa mkungudza ayenera kuyamba kudulira mitengoyo ikadali yaing'ono ndi kupitiriza chaka ndi chaka, akumameta nsonga zobiriwira zokha. Chifukwa chake n'chakuti mkungudza suphukiranso pa nthambi yakale yopanda masamba. Munthu akachedwa, n'kudzadula mozama kuti aubweze, dazi limene latsala limakhala lomwelo mpaka kalekale. Adenium alibe vuto limeneli, popeza akadulidwa amatulutsa nthambi zatsopano zambiri, ndipo maluwa amachuluka.

Nkhani imene inandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya nsabwe za mkungudza, zotchedwa Cinara cupressi. Mu Africa zinapezeka koyamba ku Malawi mu 1986, ndipo m'zaka zochepa zinafalikira kumayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kumene zinaumitsa mipanda ndi nkhalango zambiri za mkungudza. Zimayamwa madzi m'nthambi zamkati, kumene diso silifika msanga, ndipo zimachuluka kwambiri m'nyengo yopanda mvula. Chizindikiro choyamba ndi masamba amkati kuchita chikasu kenaka kufiira, nthambi kumata m'manja, ndi nkhungu yakuda imene imamera pa madzi otsekemera amene nsabwezo zimasiya. Mtengo wovutika kale ndi ludzu ndi umene umagonja msanga, ndipo ichi ndi chifukwa china chosadzalira mkungudza pamalo otentha ndi ouma. Adenium nayenso ali ndi adani ake, monga kodikodi ndi akangaude ofiira, koma pa chomera chimodzi chamumphika n'zosavuta kuziona ndi kuzitsuka, pamene kupopera mpanda wautali ndi ntchito yaikulu. Zinatchulidwanso mwachidule kuti mungu wa mkungudza umayambitsa chimfine kwa anthu ena, ndipo masamba ake ouma amayaka msanga.

Nthumwi sizinagwirizane pa mfundo imodzi. Ena ankati maluwa ofiira a Adenium amaoneka bwino kwambiri kutsogolo kwa mpanda wobiriwira wa mkungudza, choncho zidzalidwe pabedi limodzi. Kukongolako sindikukukana, koma ndinali mbali ya amene anatsutsa, chifukwa madzi amene mkungudza wamng'ono umafuna kuti ugwire ndi okwanira kuwoletsa Adenium, ndipo mpanda ukakula umamulanda dzuwa. Wofuna maonekedwe amenewo aike Adenium mumphika, patali ndi mpanda, kumbali imene mthunzi sufikako, kuti azithirira chilichonse pachokha ndi kusamutsa mphikawo mvula ikanyanya kapena kukazizira.

Pempho langa kwa akomiti ndi lakuti gawo lalikulu la nazale tilipereke kwa Adenium, chifukwa amakwanira ngakhale pakhonde la munthu wopanda bwalo, safuna madzi ambiri, ndipo wosamuka nyumba amapita naye. Mkungudza tisausiye, koma tifese wochepa, ndipo tiziupereka kwa amene ali ndi malo otakasuka, ozizirirako, komanso okonzeka kudulira chaka chilichonse. Mbande za mitundu iwiriyi zikhale m'magawo osiyana a nazale kuti wothirira asazipatse madzi ofanana. Ndikupemphanso kuti pa msonkhano wathu wotsatira tisankhe mamembala amene ayambe kuphunzira kumezanitsa, ndiponso tigwirizane mawu a chenjezo la poizoni amene tizilemba pa mphika uliwonse wa Adenium usanatuluke pa nazale.

Ine nthumwi yanu.