Chipinda cha makompyuta chili chitsekere: pempho kwa ana athu ndi onse akufuna kwabwino

Kwa inu nonse amene munadutsa pasukulu yathu ya sekondale yoyendera, kaya muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, kaya munawoloka malire muli ku Johannesburg, Cape Town, London kapena Dublin, landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya sukulu pamodzi ndi makolo, aphunzitsi ndi mafumu athu.

Tisazungulire. Chipinda cha makompyuta chija chili chitsekere kuyambira dzinja lathali, ndipo ana a fomu 3 ndi fomu 4 akuphunzira kompyuta popanda kompyuta.

Malowo mukuwadziwa, kuseri kwa ofesi ya ahedi, pafupi ndi mtengo wa mango uja munkakhala pansi pake podikira belu. Nthawi yanu panali tchire. Njerwa za chipindacho anaumba ndi makolo anu, mudzi uliwonse uvuni wake. Amayi anatuta mchenga kudambo pamutu, madzi akutunga pamjigo wakale uja. A gulupu anapereka mitengo ya denga, ndipo zitsulo za m'mawindo ndi chitseko chachitsulo tinagula titagulitsa chimanga cha m'munda wa sukulu. Bungwe lina litaona khama limeneli linatipatsa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito, aja a mabokosi akuluakulu ndi masikirini otupa kumbuyo. Tsiku lolandira kunali nthungululu, ndipo sukulu zoyandikana nafe zinkabwera kudzaona.

Makompyutawo anatitumikira ndithu, koma ankafa imodziimodzi. Ambiri mwa otsalawo anathera usiku umodzi wa mvula ya ziphaliwali, magetsi atazima n'kubwera mwamphamvu. M'mawa mwake aphunzitsi a kompyuta potsegula chitseko analandiridwa ndi fungo la nthambo zopserera. Anamasula bokosi limodzi ife tikuona. Mkatimo munali fumbi lochindikala ngati bulangete, pafani mavu anali atamangapo chisa chadothi, ndipo nthambo ziwiri zinali zitatafunidwa ndi makoswe. Apa sitiloza munthu chala. Ifeyo a komiti sitinkadziwa kuti pali kachipangizo kotchinjiriza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndiponso kuti kompyuta imafuna kuipemerera fumbi nthawi ndi nthawi. Tinkaona ngati kukhoma chitseko ndi kulemba mlonda ndiye kusamala konse. Zimatichititsa manyazi, koma tanena. Lero yatsala imodzi, ndipo nayonso imazima yokha ikatentha.

Pakati apa kunabwera bwana wina amene dzina lake sititchula. Tinamuphikira, ana anamuimbira, iye n'kulonjeza pamaso pa mafumu kuti atumiza sola ndi makompyuta atsopano teremu isanathe. Materemu adutsa. Tapitako kangapo ndi ndalama zathu zoyendera, ndipo yankho ndi lakuti tidikire. Tazindikira mochedwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Tikufuna muone zimene tinaona ife mwezi watha titalowa m'kalasi ya fomu 4. Aphunzitsi anadula makatoni a sopo n'kujambulapo kiyibodi ndi cholembera, batani lililonse pamalo pake. Mtsikana wina, amene amayenda mtunda wautali kuchokera kutsidya kwa mtsinje, anali ataika zala zake pakatoni, maso ali kubolodi, akutayipa chiganizo chimene aphunzitsi analemba. Atalakwitsa chilembo anabwerera yekha n'kudina pamene panajambulidwa batani lofufutira, kenako n'kupitiriza. Palibe chimene chinaoneka paliponse, koma iye anadziwa kuti walakwitsa ndipo anakonza. Mayi wina wa m'komiti mwathu anatuluka panja osalankhula. Mwana ameneyu akuyembekezera kulemba MSCE, ndipo pa phunziro la Computer Studies wophunzira amayenera kukhala pamakina enieni n'kuonetsa zimene akudziwa. Akadzakhoza, kufunsira malo kuyunivesite ndi kufunafuna ntchito zonse zidzafuna kompyuta yomweyo.

Mmodzi mwa ana athu akale, amene amagwira ntchito ya makompyuta mumzinda, atamva nkhaniyi anabwera Loweruka lina n'kukhala nafe tsiku lonse. Anatiuza mosabisa kuti tisapemphenso mabokosi akuluakulu aja, chifukwa amadya magetsi ambiri, amakoka fumbi, ndipo akafa amangosanduka katundu. Anatilembera zipangizo zimene anthu okonda za makompyuta amazikhulupirira ndi kulimbikitsana kugula. Zimene tikupemphazi tazitenga pamenepo.

Choyamba ndi kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi. Anabwera nako kamodzi m'thumba la jekete, ndipo a gulupu atakaika pachikhatho sanakhulupirire kuti ndi kompyuta, poti kukula kwake n'ngati khadi la kubanki. Kanatuluka koyamba mu 2012 ku Cambridge m'dziko la Britain, ndipo amene anakapanga cholinga chawo chinali chakuti ana asukulu akhale ndi kompyuta yotsika mtengo yophunzirirapo. Kankagulitsidwa madola 35. Mtundu wa Raspberry Pi 4, wa mu 2019, umayendera chaja ya mawati 15 yokha, pamene bokosi limodzi lakale lija pamodzi ndi sikirini yake limadya mawati oposa 100. Kwa ife amene magetsi ndi a mwayi, kusiyana kumeneku ndi nkhani yaikulu, chifukwa sola yochepa ikhoza kuyendetsa kalasi yonse. Zonse zimene kamasunga zimakhala pamemore kadi yofanana ndi ya m'foni, choncho kakasokonezeka, aphunzitsi angochotsa kadiyo n'kuikamo ina yokonzeratu, phunziro n'kupitirira.

Mtundu umene watikoka mtima kwambiri ndi Raspberry Pi 400, umene unatuluka mu November 2020. Uwu kompyuta yonse ili mkati mwa kiyibodi momwemo, ndipo ulibe fani yoti mavu amangepo. Potuluka unkagulitsidwa madola 70, kapena madola 100 ukakhala ndi mausi, chaja, nthambo ya sikirini, memore kadi ndi buku lophunzirira. Pambuyo pake kunabweranso Raspberry Pi 500. Uliwonse mwa iwiriyi tidzaulandira ndi manja awiri. Chofunika kukumbukira n'chakuti tizipangizoti sitibwera ndi sikirini. Tikufuna masikirini opyapyala, ngakhale akale a muofesi, ndipo ngati ali a pulagi ya buluu ija ya VGA, muikemonso ka adaputa kolumikizira ku HDMI. N'kotchipa, koma kuno simungakapeze pagolosale iliyonse.

Chachiwiri ndi malaputopu akale a m'maofesi, makamaka ThinkPad. Mwana wathuyo akuti anzake a ntchito imeneyi amaikonda chifukwa ndi yolimba, imamasuka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo kampani ya Lenovo imaika poyera mabuku osonyeza mmene ungasinthire batire, kiyibodi kapena RAM. Dell Latitude ndi HP EliteBook nazonso n'zabwino. Apa tikulankhula makamaka ndi inu amene mumagwira ntchito m'mabanki, m'mabungwe ndi m'makampani. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina ambiri akale, monga ThinkPad T440, T450, T460 ndi X250, saloledwa kulandira Windows 11. Ndiye kuti m'maofesi ambiri muli malaputopu abwinobwino amene aunjikidwa m'sitolo kudikira kutayidwa. Funsani mabwana anu. Kupempha si kuba. Laputopu yoteroyo ikaikidwa Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe n'zaulere ndipo zimalowa m'malo mwa Windows, imagwiranso ntchito zaka zingapo, ndipo LibreOffice imaphunzitsa mwana kulemba kalata ndi kuwerengetsa masamu m'matebulo popanda kulipira laisensi. Aphunzitsi apempha kuti angapo abwere ndi Windows ndi Microsoft Office, kuti ana azolowerenso zimene akazipeze kunja. Ubwino wina wa laputopu ndi wakuti ili ndi batire yakeyake, magetsi akazima mwana sataya zimene amalemba.

Ngati laputopuyo ili ndi hadi disiki yakale yozungulira ija, tithandizeni ndi SSD, disiki yatsopano yosazungulira, ngakhale ya 128 GB kapena 256 GB. Tinaona ndi maso athu. Laputopu ya aphunzitsi inkatenga nthawi yoti munthu n'kupita kumjigo n'kubwera isanayake, koma mnyamatayo atasintha kachipangizo kameneka inayaka tisanamalize kukhala pansi.

Za intaneti musade nazo nkhawa, sitikupempha mabandulo. Netiweki kuno mukuidziwa, mpaka lero timakwera pachulu chija kuti tiimbe foni. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix imene imasunga Wikipedia yonse ya Chingerezi ndi zithunzi zake, yoposa pang'ono 100 GB, moti imakwana pamemore kadi imodzi ya 256 GB. Palinso Kolibri, imene imasunga maphunziro a masamu ndi sayansi a Khan Academy pamodzi ndi zoyeserera za sayansi za PhET. Raspberry Pi imodzi ikhoza kusunga zimenezi n'kumazigawira makina ena onse m'chipindamo kudzera pa Wi-Fi yakeyake. Inu mukudziwa kuti laibulale yathu ndi kabati imodzi, ndipo labu ya sayansi sitinakhalepo nayo chiyambire. Munaphunzira za asidi ndi maginito pongomva ndi makutu. Azing'ono anu akhoza kuziona zikuyenda pasikirini.

Magetsi ndiwo anatipweteka, ndiye sitikufuna kubwereza. Tikupempha mapanelo a sola, chowongolera chaji, inveta, batire, ndi ma surge protector, tizipangizo totchinjiriza makina tija, a soketi iliyonse. Pa batire tauzidwa kuti ya lithiamu ya mtundu wa LiFePO4 imadula pogula koma imakhala zaka zambiri kuposa ija yamadzi yonga ya galimoto, imene imafooka msanga ikamatheratu moto tsiku ndi tsiku. Amene amadziwa bwino za sola atiwerengere kukula koyenera, ife tidzamvera. Zokwezera mapanelo padenga ndi kuwotcherera mafelemu oti akuba asanyamule, anyamata a pamsika avomera kale kugwira ulere.

Palinso tizida ting'onoting'ono timene munthu mmodzi akhoza kugula yekha osamva kuwawa: bokosi la masikuludiraiva ang'onoang'ono, multimeter yoyezera magetsi, chopemerera fumbi, mafulashi angapo, mausi ndi makiyibodi a nthambo, ndi kachitsulo kowotcherera nthambo kotchedwa Pinecil, kamene kamayendera chaja ya USB-C kapena batire. Tikufuna tizidati chifukwa sitikufunanso kuti makina akadwala tizidikira munthu wochokera kuboma. Aphunzitsi asankha kale ana, atsikana ndi anyamata, oti aphunzire kumasula, kupukuta ndi kukonza.

Chonde musatitumizire zakufa. Laputopu yosweka sikirini, yopanda chaja, kapena yokhala ndi pasiwedi imene mwini wake anaiwala, idzangotiwonjezera mulu umene tili nawo kale pakona. Yatsani muone musanapakire, ndipo zinsinsi za kuntchito kwanu zifufutidwe. Machaja ochokera ku Britain ndi ku Ireland amalowa m'masoketi athu popanda vuto, koma a ku South Africa ali ndi mano ozungulira, ndiye muikemo adaputa. Obwera pandege, malaputopu ndi mabatire ake munyamule m'chikwama cham'manja. Obwera pabasi kudzera ku Mwanza kapena ku Dedza, kulungani m'zovala. Raspberry Pi 400 imakwana pakati pa mabulangete awiri amene mukubweretsera amayi.

Tsopano tilankhule monga makolo. Pagulu lanu la WhatsApp la ophunzira akale tikumva kuti mulipo ambiri, ndipo uthenga wa chipindachi unafikapo kalekale. Amene anayankha tikhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Sitikukuweruzani, tikudziwa kuti kunja nakonso moyo ndi wovuta ndipo aliyense ali ndi banja lake. Koma timakuonani pa Khirisimasi mukudutsa pamsewu wa kusukulu magalasi a galimoto ali otseka, ndipo pamaliro timamva anthu akunong'onezana kuti uyo ndi injiniya, uyo ndi wa IT kubanki. Timanyadira, chifukwa tikudziwa desiki imene munkakhalapo ndi mayi amene anagulitsa mbuzi kuti mulembe mayeso. Ena mwa inu munagwira mausi koyamba muli kukoleji, anzanu a m'tauni akukusekani, ndipo munatiuza nokha mmene zinakupwetekerani. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ana amene akutayipa pamakatoniwa ndi a alongo anu ndi achimwene anu.

Ife kumbali yathu sitinakhale manja lende. Denga pamene linkadontha tamata, mabowo a makoswe tatseka ndi simenti, matebulo akonzedwa ndi kalipentala wa m'mudzi mwa a gulupu, ndipo amayi asoka nsalu zophimbira makina. Makolo akusonkha kangachepe kolipira mlonda, ena ndi chimanga, ena ndi nkhuku. Za mtengo wa zonse pamodzi sitilemba pano, poti mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndipo ife tikonda kulandira katundu weniweni kusiyana ndi ndalama. Amene angakonde kutumiza ndalama alankhule ndi ahedi kapena apampando a komiti, ndipo zonse zidzanenedwa pamsonkhano wa makolo monga mwa nthawi zonse.

Chinanso chimene tikupempha ndi nthawi yanu. Amene mumadziwa kuika Linux, kukonza Kolibri kapena kulumikiza sola, bwerani Loweruka limodzi lokha mudzakhale ndi aphunzitsi ndi ana aja. Nsima tidzaphika, pogona palipo. Tikufunitsitsa kuti a fomu 4 agwireko makina enieni asanalowe m'chipinda cha mayeso. Makiyi ali ndi ahedi, ndipo ngakhale mutafika Lamulungu, tumani mwana aliyense wa pamsika adzawaitana.

Ndife,
A komiti ya sukulu, m'malo mwa makolo, aphunzitsi ndi mafumu