Mlangizi asaseke funso la ma phage, anapiye athu akufa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule zomwe zinandichitikira sabata yatha pa msonkhano wa alimi a nkhuku kwathu kuno. Mlangizi anatiuza kuti tisiye kuthira maantibayotiki m'madzi a anapiye chifukwa mabakiteriya awazolowera. Apo sindikutsutsa. Koma nditaimirira kufunsa ngati alipo amene akuganizira za ma phage, mavairasi opha mabakiteriya, bamboyo anaseka, ati kodi ndikufuna kulowetsa mavairasi m'khola? Anthu onse anaseka nawo, ine n'kukhala pansi nkhope ili yolemera.

Ine m'mawa ndimatola anapiye akufa, chitosi choyera chitamatirira kumbuyo. Chosekera n'chiyani pamenepo?

Phage ndi vairasi, inde, koma sagwira nkhuku kapena munthu. Amamatirira pa bakiteriya, n'kuswana mkati mwake mpaka bakiteriyayo ataphulika. Aliyense amasankha mtundu wake wa bakiteriya, sapululutsa abwino a m'matumbo ngati mmene kapisozi amachitira. Mabakiteriya amatha kuwazoloweranso, n'chifukwa chake akatswiri amasakaniza mitundu ingapo.

Komanso si zachilendo. Katswiri wa sayansi Félix d'Hérelle anawapatsa dzina mu 1917, ndipo mu 1919 anawagwiritsa ntchito ku France pa nkhuku zodwala matenda a Salmonella. Nkhuku, Akonzi, ngati zanga zomwezi! Ku Tbilisi, m'dziko la Georgia, Eliava Institute yakhala ikuchita ntchitoyi kuyambira 1923. Ku America, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala la FDA linavomereza mu 2006 kuti ma phage azipoperedwa pa nyama yogulitsa pofuna kupha bakiteriya wa Listeria. Nanga mlangizi wophunzira pa misonkho yathu sanamvepo zonsezi?

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti akutiletsa mankhwala osatipatsa cholowa m'malo, pomwe kumsika makapisozi akugulitsidwa poyera pafupi ndi tomato, awiriawiri m'kapepala. Munthu amamwa masiku awiri n'kusiya akangopezako bwino. Mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anamwalira padziko lonse chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo ife a kuno ku Africa ndife okhudzidwa kwambiri.

Ma phage amapezeka m'madzi a m'ngalande ndi m'chitosi momwe. Mayunivesite a LUANAR ndi KUHeS atumize ophunzira akatunge madziwo n'kuyesa, Unduna wa Zamalimidwe uikepo ndalama. Khola langa ndapereka, abwere adzayambire pano.

Mlimi wa nkhuku,
Dowa