Za Charles Oliveira, munthu amene ankatchedwa wogonja msanga

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndi banja lonse. Kuno tilipo. Unafunsa kuti zikutheka bwanji kuti munthu wogonja kambirimbiri ngati Charles Oliveira azitamandidwa chonchi mu UFC, bungwe lalikulu la masewera omenyana osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana. Zambiri zagona pa sikelo komanso pa mantha a anzake, koma ndiyambe ndi kwawo.

Anabadwa mu 1989 ku Guarujá, m'chigawo cha São Paulo ku Brazil, m'dera la anthu osauka. Dzina lake lomutchulira loti "do Bronx" likuchokera kumeneko. Ali ndi zaka 7 madokotala anamupeza ndi nthenda yotupitsa mfundo za mafupa komanso vuto la mtima, n'kuuza makolo ake kuti mwanayu aiwale zamasewera. Pofika zaka 12 anali atayamba jiu-jitsu, luso lolimbana pansi mopana ndi mopinda mnzako mpaka agonje. Mu 2008 anayamba kumenyera ndalama, ndipo usiku wake woyamba anagonjetsa anthu atatu pampikisano umodzi. Analowa mu UFC mu Ogasiti 2010, n'kupinda mkono wa Darren Elkins m'masekondi 41 okha.

Kenaka zinthu zinasokonekera. Jim Miller anamupotokola bondo, Donald Cerrone anamuswa, ndipo mu 2012 anachoka m'gulu la mapaundi 155 n'kutsikira m'gulu la featherweight, la mapaundi 145, pafupifupi makilogalamu 66. Apa ndi pamene panagona vuto. Munthu wamtali masentimita 178 safika pamenepo ndi kusala chakudya kokha. Sabata yomaliza amasiya mchere ndi zakudya zokhutitsa, poti shuga wosungidwa m'minofu amagwira madzi, magalamu atatu pa galamu iliyonse. Amayamba wamwa madzi ambiri, kenaka n'kuwachepetsa mwadzidzidzi kuti thupi lizingotaya, ndipo otsalawo amawafinya ndi thukuta m'bafa la madzi otentha. Sikelo amakwera kutatsala tsiku limodzi, ndiye maola otsalawo ndi obwezera madzi m'thupi. Ukapyola muyeso, thukuta limasiya kutuluka, minofu ya m'miyendo imakokana, ndipo mawa lake mpweya umatha raundi yachiwiri isanafike pakati.

Oliveira analephera sikelo kanayi m'gulu limeneli. Choipitsitsa chinali cha mu 2016 ku Mexico City, pokumana ndi Ricardo Lamas: anakwera sikelo ali ndi mapaundi 155, kulemera kwa gulu lina ndithu, n'kukagonjanso atakanyangidwa pakhosi. Miyezi ingapo m'mbuyomo Anthony Pettis anali atamukanyanga chimodzimodzi. Katswiri wa jiu-jitsu kumagonja pansi, kwawo kwenikweni! Anthu anayamba kunena kuti zikavuta amataya mtima. Ine ndimaona kuti thupi louma ndi limene linkamutaya, ngakhale kugonja kwake kwa Paul Felder mu 2017, atabwerera kale ku mapaundi 155, kumasonyeza kuti panalinso china. Ankathera mphamvu zonse pofuna kumaliza msanga, zikakanika n'kukhala wopanda chochita.

Mu 2018 anakhazikika kumalo ophunzirira kumenya otchedwa Chute Boxe, pansi pa mphunzitsi Diego Lima ku São Paulo, komwe amadziwika ndi muay thai (nkhonya za ku Thailand zophatikiza mateche, mawondo ndi zigongono) wopita kutsogolo basi. Anayamba kuima chilili, manja m'mwamba, kuponda pamimba ndi phazi lakutsogolo, kugwira mnzake kukhosi n'kumulowetsa mawondo ndi zigongono. Anapambana maulendo 11 motsatizana. Mu 2018 momwemo anaposa katswiri wakale Royce Gracie pa chiwerengero cha anthu ogonjetsedwa mopanidwa mu UFC.

Onetsetsa nkhondo zake zitatu izi, uona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Pa 15 Meyi 2021 ku Houston, polimbirana lamba wa ukatswiri wa gulu la mapaundi 155 amene Khabib Nurmagomedov anasiya, Michael Chandler anamugwetsa ndi zibakera mu raundi yoyamba mpaka woyimbira kuyandikira. Raundi yachiwiri itangoyamba, Oliveira anamutchera chibakera chamanzere chokhota, ndipo pa masekondi 19 nkhani inatha. Mu Disembala chaka chomwecho Dustin Poirier anamugwetsanso, koma mu raundi yachitatu Oliveira anamukwera kumsana ali chiimire n'kumukanyanga. Justin Gaethje, mu Meyi 2022 ku Phoenix, anamugwetsa kawiri, koma maulendo onse anangoima poteropo n'kumamukodola kuti adzuke. Taganiza: munthu wina akagwa, mnzake amamulumphira n'kumaliza. Oliveira akagwa amagona chagada, miyendo ili m'mwamba ngati nkhanu, ndipo palibe wofuna kulowamo. Masekondi amene akudzuka pang'onopang'ono aja ndi amene mutu wake umabwereramo. Mantha a anzake ndiwo ankamupumitsa.

Kukanyanga kwake kuja amakutcha rear-naked choke. Umakhala kumsana kwa mnzako, miyendo yako itakola mkati mwa ntchafu zake kapena itamanga m'chiuno. Mkono umodzi umadutsa pansi pa chibwano mpaka chigongono chifike pakati pa khosi, dzanja lake n'kugwira mkono winawo pamwamba pa chigongono, ndipo dzanja lachiwirilo limabisala kuseri kwa mutu. Sutseka mpweya ayi, umafinya mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi yopititsa magazi ku ubongo, ndipo zikagwira bwino munthu amakomoka m'masekondi khumi kapena kucheperapo. Olakwitsa amapingasa mapazi kutsogolo, mnzawo n'kuwapana akakolo, kapena amafinya mkono uli pachibwano n'kungodzitopetsa.

Sikelo sinamusiye. Tsiku loti mawa akumana ndi Gaethje anali ndi mapaundi 155.5. Pa nkhondo wamba amakukhululukira paundi imodzi, koma ya lamba sakhululuka ngakhale pang'ono. Anamupatsa ola lina, osatsika. Theka la paundi, magalamu osakwana 230, linamulanda lamba, moti anapambana usiku umenewo koma anapita kwawo chimanjamanja.

Njira yakeyo ili ndi chibowo, ndipo Islam Makhachev anachipeza ku Abu Dhabi mu Okutobala 2022. Iye pansi saopa. Atamugwetsa ndi chibakera mu raundi yachiwiri anamutsatira pomwepo, n'kumupana khosi pamodzi ndi mkono mpaka Oliveira anagogoda posonyeza kuti wagonja. Ilia Topuria, mu Juni 2025, sanafunikenso kumutsatira. Munthu woima chilili n'kumabwera kutsogolo chibwano chimakhala poyera, ndipo zibakera ziwiri zinamugoneka mu raundi yoyamba.

Ngati nthawi ili yochepa, yamba ndi kuonera nkhondo ya Gaethje. Ndi mphindi zitatu ndi masekondi 22 basi. Usamayang'ane manja, uziyang'ana mapazi a Gaethje pamene mnzake wagwa, uone mmene akubwerera m'mbuyo.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa kuno kumudzi